Kalata yotseguka kwa komiti ya holo ya achinyamata ku Mulanje: aloleni ana akambirane pa tebulo la nthano

Kwa a Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala onse a komiti yoyang'anira holo ya achinyamata kuno kwathu ku Mulanje,

Ndikupatsani moni mwaulemu, makolo anga ndi akuluakulu anzanga, ndipo ndikuthokozani chifukwa cha ntchito imene mumagwira popanda malipiro kuti ana athu akhale ndi malo okumanirana kunja kwa mabala ndi nyumba zoonetsera mafilimu. Ine ndine kholo, ndipo mwana wanga wamkazi ndi mmodzi wa achinyamata amene amakumana m'holomo Loweruka masana kudzasewera masewera a nthano ndi madayisi otchedwa Dungeons & Dragons. Nthawi zambiri ndimakhala pa benchi ya kumbuyo n'kumaonerera mpaka amalize. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa chigamulo chanu nachonso chinamatidwa poyera pa chitseko cha holo, ndipo makolo ambiri amva mbali imodzi yokha ya nkhaniyi.

Chidziwitso chanu chili ndi malamulo anayi. Mwachepetsa nthawi ya gululi kuchoka pa maola atatu kufika pa ola limodzi. Mwalamula kuti wosewera aliyense azisankha chochita pasanathe mphindi imodzi ndipo asamafunse anzake maganizo, poti mikangano ya pa tebulo mukuiona ngati phokoso lotayitsa nthawi. Mwanenanso kuti nthano imene akusewera ithe teremu ino isanatsekedwe, ndipo wofotokoza nthanoyo apereke mathero ake olembedwa kuti komiti iwavomereze. Pomaliza mwaletsa atengambali onse ogwiritsa ntchito matsenga. Ndikukhulupirira kuti munachita zimenezi ndi mtima wofuna kuteteza ana, koma ndikufuna kukuonetsani kuti chimene mwachitcha phokoso ndicho masewera enieniwo, ndipo mukachichotsa patsala mapepala ndi madayisi basi.

Popeza ena mwa owerenga sanawaonepo masewerawa, ndiloleni ndiwafotokoze pang'ono. Anatuluka ku America m'chaka cha 1974, ndipo anawayambitsa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Lero ali m'manja mwa kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula kampani yoyambirira ya TSR mu 1997. Malamulo amene ana athu akutsatira ndi a mu 2014, ndipo gawo lake loyambira kampaniyo inaliika pa intaneti kwaulere, moti anawo anangolisindikiza kamodzi pa Chitakale n'kulisoka ndi ulusi. Pa tebulo pamakhala munthu mmodzi wofotokoza nthano, amene amanena za dziko longopeka, anthu ake ndi zoopsa zake, ndipo ena onsewo aliyense amakhala ndi mtengambali wake wolembedwa pa pepala, kaya wankhondo, wochiritsa, kazitape, mlenje kapena wamatsenga. Wofotokozayo akanena kuti mwafika pamtsinje wodzaza ndipo mlatho wake walandidwa ndi achifwamba, amalekeza pomwepo n'kufunsa kuti muchita chiyani. Osewera amakambirana, amagwirizana chimodzi, ndipo ngati chimene asankhacho chingathe kulephereka, amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati chatheka. Sipabetchedwa ndalama, choncho si juga, ndipo sipafunika magetsi, foni kapena bandulo, chimene chili chachikulu kwa ana a m'midzi yathu ino.

Ndiyamba ndi lamulo la mphindi imodzi chifukwa ndilo lapweteka kwambiri. Tiyerekeze kuti kazitape akufuna kukwera khoma la linga usiku, ndipo wofotokoza nthano wanena kuti pafunika nambala 15. Pa pepala la mtengambaliyo palembedwa luso lowonjezera 3, choncho dayisi iyenera kugwa pa 12 kapena kupitirira apo. Mbali zotero zilipo 9 mwa 20, ndiye kuti mwayi wake ndi 45 pa 100, ndipo kugwa n'kothekera kuposa kukwera. Koma malamulo amati mnzake akamuthandiza, mwina pomugwirira chingwe, aponye madayisi awiri n'kutenga nambala yaikuluyo, ndipo pamenepo mwayi umakwera kufika pafupifupi 70 pa 100. Chimene chakweza mwayiwo n'chakuti wina watsegula pakamwa n'kunena kuti dikira kaye, ndikugwirire chingwe. Komatu wogwira chingweyo sangathenso kulondera njira imene alonda amadutsa, ndiye gulu lonse liyenera kuyeza kuti choopsa kwambiri n'chiti pakati pa kugwa pakhoma ndi kupezedwa ndi alonda. Kuyeza kumeneku sikungatheke munthu ali yekha ndi wotchi pamphuno. Ndaonapo ana amene masamu a probability amawazunguza mutu pokonzekera mayeso a MSCE akuwerengera zimenezi pa zala mosavutika, n'kumatsutsana mpaka woona apezeke, chifukwa choti moyo wa mtengambali wawo unali pa nambalazo.

Za pamlatho ndatchula zija zinaseweredwadi m'holo mwanu lamuloli lisanabwere, ndipo ndizifotokoza motalikirapo kuti mumve mtundu wa mikangano imene mwailetsa. Gululo linanyamula mankhwala opita kumudzi wina kumene kunagwa mliri, ndipo wofotokoza nthano anawauza kuti mankhwalawo awonongeka pakatha masiku anayi. Njira ya pamlatho inali ya masiku awiri, pamene yozungulira m'nkhalango inali ya masiku asanu. Mnyamata wosewera wankhondo anati angomenyana nawo achifwambawo, koma wochiritsa anamukumbutsa kuti pa msinkhu woyamba wa mphamvu umene atengambali awo anali nawo iye angathe kuchiritsa ndi mphamvu zake kawiri kokha patsiku, pamene adani anali ochuluka kuposa iwo. Anagwirizana kutuma kazitape kuti akaone kaye, ndipo anabwera ndi nkhani yoti achifwambawo anali asilikali akale a mfumu amene sanalipidwe, ndipo kuseri kwa mlathowo kunali akazi ndi ana awo ali ndi njala. Apa mkangano unasintha nkhope. Ena anati wakuba ndi wakuba basi, chifukwa chake chikhale chotani. Ena anati kupha anthu amene mfumu inawalakwira n'kuonjezera mlandu pa mlandu. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene kawirikawiri amangokhala chete n'kumajambula m'mphepete mwa pepala lake, anafunsa ngati ana a asilikaliwo sakudwalanso mliri womwewo, ndipo ngati akudwala, bwanji osawapatsako mankhwala kuti atsegule njira. Mnzake anamutsutsa kuti mankhwalawo ali ndi eni ake amene akudikira, ndipo palibe amene anawapatsa iwo ufulu wogawa za eni. Anakokanakokana mpaka anamvana kupereka gawo limodzi mwa magawo anayi, malinga asilikali awiri awaperekeze mpaka kumudzi kuja. Dayisi inavomera movutikira. Atafika kumudziko mankhwala anaperewera, ndipo anayenera kuima pamaso pa nyakwawa ya m'nthanomo kufotokoza chimene anachita.

Nthawi yonse ya mkanganowo, imene inapitirira theka la ola, palibe dayisi imene inaponyedwa, ndipo munthu wosuzumira pazenera akananena kuti ana akungolongolola. Ine ndinamva ana akukambirana za ngongole ya wolamulira kwa antchito ake, za katundu wosungitsidwa, ndi za kusankha pakati pa anthu awiri ovutika pamene chothandizira chili chochepa. Mpaka lero sanamvane ngati anachita bwino, ndipo mwana wanga amaiyambitsabe nkhaniyo tikamadya.

Tsopano imvani zimene zinachitika Loweruka loyamba pansi pa lamulo lanu. Wofotokoza nthano, amene ndi mnyamata waulemu wosafuna kukangana ndi akulu, analitsatira monga linalembedwera. Gululo linali likuthamangitsa anthu amene anaba mwana, ndipo linafika pakhomo pa phanga litamenya kale nkhondo ziwiri, wochiritsa atamaliza mphamvu zake zonse. Malamulo a masewerawa amapereka njira ziwiri zopumira. Kupuma kwa ola limodzi kumabwezeretsa zochepa, pamene kupuma kwa maola 8 kumabwezeretsa mphamvu zochiritsira, koma pa maola amenewo akuba aja amakhala atapita kutali ndi mwanayo. Masewerawa anamangidwa pa zosankha zoterezi, zakuti tipume kuti tilimbe kapena tithamange tili ofooka, ndipo yankho lake limadalira zimene aliyense watsala nazo pa pepala lake. Wosewera wankhondo anapatsidwa mphindi yake imodzi, sanaloledwe kufunsa, ndipo anati tilowe. Mtsikana wosewera wochiritsa ankadziwa kuti alibe chomuthandizira, koma anangogwira pensulo yake osanena kanthu, poti lamulo linamutseka pakamwa. Wankhondoyo anagwa m'phangamo, analephera katatu pa madayisi opulumutsira moyo, ndipo mtengambali amene anamulera kuyambira chaka chatha anafera pomwepo.

Imfa ya mtengambali si yachilendo m'masewerawa, ndipo ana amadziwa kuilandira pamene onse anayeza n'kuvomereza chiopsezocho. Iyi inawawa chifukwa munthu wodziwa choonadi anali pampando woyandikana naye. Mnyamatayo ndi wamkulu kale, amathyola tiyi pa esiteti ina ndipo Loweruka masana ndiyo nthawi yokha imene amapeza yocheza ndi anzake a msinkhu wake pa zinthu zosakhudza mowa. Chichitikireni zimenezo sanabwerenso. Timawaphunzitsa ana kuti nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndiye n'zomvetsa chisoni kuti m'holo ya achinyamata nzeru zayekhayo tamusandutsa lamulo.

Sindikukana kuti nthawi zina makambirano amatalika mopitirira muyeso. Ndaona anyamata awiri a mawu aakulu akubwereza mfundo imodzimodzi pamene ena akuyasamula, ndipo mwina tsiku limene mmodzi wa inu anadutsa linali lotero. Koma masewerawa ali ndi njira zawozawo zofulumizitsira anthu popanda kuwaletsa kuyankhulana. Muuni wa m'nthano umayaka ola limodzi lokha monga mwa malamulo, choncho wofotokoza nthano angathe kunena kuti mukukangana choncho muuni wanu watsala pang'ono kuzima, kapena kuti mwamva mapazi akuyandikira, ndipo mkangano umatha wokha chifukwa nthanoyo ndiyo yawakankha. Angathenso kuzungulira tebulo kufunsa aliyense maganizo ake, kuyambira ndi ofatsa, kuti a mawu aakulu ayankhule pomaliza. Pali malo amodzi pamene malire a nthawi ali ndi nzeru, ndipo ndi mkati mwa nkhondo, chifukwa chigawo chimodzi cha nkhondo, pamene aliyense amalandira mpata wake kamodzi, chimaimira masekondi 6 okha a m'nthano, ndiye n'zomveka kuti pamenepo anthu azingoponyerana mawu ochepa. Kukonzekera nkhondo isanayambe, kuweruza chochita ndi mkaidi, kapena kusankha njira, zimenezo zimafuna nthawi. Ena mwa inu, akuluakulu anga, ndinu akatswiri a bawo, ndipo ndakuonanipo mutayang'anitsitsa maenje kwa nthawi yaitali, mukuwerenga nkhomo ndi maso musanagwire ngakhale imodzi. Wina atabwera ndi wotchi n'kunena kuti muzitakata pasanathe mphindi imodzi, bawoyo ingapitirire ndithu, koma wodziwa ndi wosadziwa sangasiyanenso.

Za ola limodzi ndinena mwachidule, chifukwa ndi nkhani ya masamu chabe. Kukonza matebulo ndi kukumbutsana pamene nthano inalekezera kumadya kale mphindi zingapo. Pa tebulo la osewera asanu ndi mmodzi, chigawo chimodzi cha nkhondo chimatenga pafupifupi kota ya ola aliyense akamaponya dayisi yake ndi adani omwe, ndipo nkhondo wamba imakhala ya zigawo zitatu kapena zinayi. Ndiye kuti nkhondo imodzi yokha yatha ola lanu lonse. Malamulo a masewerawa amanena za mizati itatu, imene ndi kufufuza malo, kuyankhulana ndi anthu a m'nthano, ndi nkhondo. Nthawi ikachepa, iwiri yoyambayo ndiyo imayamba kugwa, moti komiti imene ikudandaula kuti ana asazolowere chiwawa yawasiyira masewera a kumenyana kokhakokha. Kumbukiraninso kuti ena amachokera mbali ya ku Likhubula ndipo ena cha ku Chonde, wapansi kapena pa kabaza, ndipo palibe kholo limene lingapereke ndalama ya ulendo wotero chifukwa cha ola limodzi. Ngati nkhawa yanu ndi yakuti atsikana amafika kunyumba kutada, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene dzuwa limalowa msanga ndipo chiperoni chimaphimba phiri, nkhawa imeneyo ndi yanganso. Mankhwala ake ndi kutsegula holo 1 koloko kuti amalize 4 koloko kukali kowala.

Lamulo la mathero olembedwa likuoneka laling'ono, koma likuwononga chinthu chimene sichibwerera msanga, ndicho chikhulupiriro cha osewera chakuti zosankha zawo zili ndi ntchito. Wofotokoza nthano amakonzekera malo, adani ndi zolinga zawo, koma iyenso sadziwa mmene nthanoyo idzathere, chifukwa mathero amachokera pa zimene osewera achita. Mukamukakamiza kuti alembe kuti mfumu yoipa idzagonjetsedwa pa Loweruka lakutilakuti, ndiye kuti aliyense amene angafune kukambirana nayo mfumuyo, kapena kuithawa, kapena kukopa asilikali a pamlatho aja kuti aiukire, ayenera kubwezedwa mokakamiza ku njira yolembedwayo. Ana amazindikira zimenezi msanga kwambiri. Akaona kawiri katatu kuti chitseko chilichonse chimene asankha chikutsegukira m'chipinda chomwecho, amasiya kuganiza n'kumangoponya dayisi akauzidwa. Palinso vuto la kakulidwe ka atengambali. Kuti mtengambali afike pa msinkhu wachiwiri pamafunika mapointi 300 opeza posewera, wachitatu 900, wachinayi 2,700, ndipo wachisanu 6,500, ndipo mipata ikukulirakulira chotero mwadala, kuti wosewera azolowere luso limodzi asanalandire lina. Gulu lathuli lili pa msinkhu wachinayi ndipo mdani wamkulu anakonzedwera anthu okhwima kuposa apo. Kuti nthano ithe teremu ino, wofotokozayo ayenera kuwagawira misinkhu imene sanaigwirire ntchito kapena kufooketsa mdaniyo mpaka akhale choseketsa, ndipo njira zonse ziwiri n'zachinyengo chimene ana adzachiona.

Mwina muganiza kuti ndikukuza nkhani ya ana, koma taonani kumene dziko likupita pa masewera a mtunduwu. Mu 2023 kampani ya Larian Studios ya ku Belgium inatulutsa masewera a pa kompyuta otchedwa Baldur's Gate 3, omangidwa pa malamulo omwewa a Dungeons & Dragons, ndipo anapambana mphoto ya masewera opambana onse a chaka chimenecho pa mwambo wa The Game Awards. Chimene anthu anawatamira kwambiri n'chakuti zosankha za wosewera zimasinthadi nkhani, ndipo pa nkhondo munthu amaganiza nthawi imene akufuna asanasunthe. Kuti mwana asewere zimenezo pafunika kompyuta yamphamvu ndi magetsi odalirika, zimene ambiri a ife sitingakwanitse. Ana athu apeza ufulu womwewo wa kusankha ndi pensulo ndi pepala, ndipo ufuluwo ndi umene malamulo anu akuchotsa. Ngati chimene mukufuna ndi kudziwa kuti m'nthanomo mulibe zolaula, nkhanza zofotokozedwa mwatsatanetsatane, kapena zonyoza mtundu ndi mpingo wa wina, funsani malire amenewo ndipo muwalembe pamodzi ndi anawo. Malire a zimene siziyenera kulowa m'nthano ndi osiyana ndi kulamula mmene nthano ithere.

Ndafika pa matsenga, ndipo apa ndiyenda mosamala chifukwa ndikudziwa dera limene tikukhala. Mantha amenewa si atsopano. Ku America m'zaka za m'ma 1980 kunabuka mphekesera zoti masewerawa amalowetsa ana m'zausatana, ndipo mayi wina dzina lake Patricia Pulling anayambitsa bungwe lolimbana nawo mu 1983, koma milandu imene anasuma makhoti anaitaya. Kampani ya TSR, pofuna kuziziritsa mitima ya makolo, inachotsa mayina a ziwanda m'malamulo amene inatulutsa mu 1989, ndipo masewerawo anapitirira mpaka lero. Matsenga a m'masewerawa ndi mzere wa pa pepala wonena kuti mtengambali angathe kuyatsa kuwala m'phanga kapena kubwezeretsa mapointi a moyo kwa mnzake kangapo patsiku. Palibe mawu obwebweta, palibe mankhwala, palibe mwambo uliwonse, ndipo wosewera amangonena kuti ndichiritsa mnzangayu n'kuponya dayisi. Mukachotsa wochiritsa ndi wamatsenga, mwachotsa atengambali amene mphamvu zawo zimatha ndipo zimafuna kusungidwa, amene ndiwo amachititsa gulu kuganiza za mawa. Otsalawo ndi a lupanga ndi uta.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti liwu la matsenga mwalilemba pa chitseko popanda kufotokoza. Tonse tikukumbukira Seputembala ndi Okutobala wa 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinayamba kuno ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tinaona tokha mmene nkhani yonong'onezana imakulira. Panopa pamsika ena ayamba kale kufunsa kuti m'holomo ana amaphunziramo chiyani poti komiti yachita kuletsa, ndipo mnyamata wofotokoza nthano uja akulozedwa chala. Lamulo la dziko lino la za ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silitseka pakamwa pa anthu pamene mphekesera yayamba. Chimene chingaithetse ndi chitseko chotsegula, kuti makolo, abusa, mashehe ndi mafumu akhale pa benchi n'kuona ndi maso awo ana akuwerengera manambala. Ndikulemekeza kholo lililonse limene chikhulupiriro chake sichilola mwana kusewera mtengambali wotero, ndipo mwana wa kholo limenelo angathe kukhala kazitape kapena wankhondo popanda vuto. Chosankhacho chikhale cha banja lililonse.

Chodandaula changa chomaliza n'chakuti malamulo onsewa anapangidwa popanda kuitana wosewera ngakhale mmodzi kapena kholo lake, ndipo, monga ndamvera, palibe membala wa komiti amene anakhalapo pa tebulolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Holoyo ndi ya achinyamata, ndipo anali ndi mayankho a mafunso anu onse mukanawafunsa.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha zotsatirazi.

1. Chotsani chidziwitso chili pa chitseko sabata ino, ndipo m'malo mwake muikepo mawu achidule ofotokoza kuti masewerawa ndi a nthano ndi masamu, kuti sipabetchedwa ndalama, ndipo kuti kholo lililonse lili ndi ufulu wolowa kudzaonerera.

2. Thetsani lamulo la mphindi imodzi ndi loletsa kufunsana. Ngati mukufuna malire a nthawi, akhale a mkati mwa nkhondo mokha, ndipo kutalika kwake agwirizane osewera eni ake ndi wofotokoza nthano. Kunja kwa nkhondo, musiyireni wofotokozayo udindo wofulumizitsa makambirano pogwiritsa ntchito nthanoyo, ndipo iye alonjeze kuti tsiku lililonse aliyense wa pa tebulo adzafunsidwa maganizo ake, makamaka atsikana ndi ang'onoang'ono.

3. Bwezerani maola atatu, kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko masana.

4. Lekani kufuna mathero olembedwa. M'malo mwake itanitsani msonkhano umodzi wa komiti, osewera ndi makolo, kuti tilembe pamodzi zinthu zimene siziyenera kulowa m'nthano, ndipo pepalalo likhale pa tebulo nthawi zonse. Nthano ithe pamene yafika pothera, ngakhale zitatanthauza kudumphira teremu ya mawa.

5. Nkhani ya atengambali a matsenga isiyidwe m'manja mwa makolo, banja lililonse lisankhire mwana wake.

6. Musanapange chigamulo china chilichonse chokhudza gululi, mamembala awiri a komiti akhale nawo Loweruka limodzi lathunthu, ndipo ngati angalole, apatsidwe mtengambali aliyense kuti asewere nawo. Ndikupemphanso kuti a Wapampando atume uthenga kwa mnyamata wa ku esiteti uja womuitana kuti abwerere, ndipo gulu liloledwe kubwereza za pakhomo pa phanga paja wochiritsa ali ndi ufulu woyankhula.

Ndapereka kalata yomweyi kwa a Mlembi pamanja kuti ilowe m'mabuku a komiti, ndipo makolo angapo amene ndakambirana nawo ali okonzeka kubwera pa msonkhano wanu wotsatira mukatiuza tsiku ndi nthawi. Tikupempha kuti yankho lanu limatidwe pa chitseko chomwecho Loweruka likubwerali lisanafike, kuti ana adziwe ngati abwere ndi mapepala awo.

Ine wanu mwaulemu,
Kholo la mmodzi wa osewera,
Mulanje